Mmene Agogo Anu Anathethera Phungu wa ku Mangalande

Tamanda, tachepetsa mawu a kanemayo. Sindinati uzimitse, ndati uchepetse. Iwe Mphatso, foniyo uigoneke patebulopo, siithawa. Kuyambira masana mwakhala mukundiseka kuti agogo akukangana ndi azungu a pa kanema, pamene chisankho chake n'cha ku Mangalande, ife tili phee kuno ku Laurel. Mangalande ndi England, Mphatso, usanditong'olere maso. Mwandifunsa kuti zikundikhudza bwanji. Mwafunsa m'Chingerezi, koma ine ndiyankha m'Chichewa, ndipo mumva ndithu, pakuti ndikakuwa kuti chakudya chapsa palibe amene amafuna womasulira.

Bambo anu Lamulungu lija anayesa kutifotokozera za chuma cha dziko limenelo, manja ali m'mwamba, mawu ataliatali a kubanki kwawo ku Washington. Mkamwini wanga ndimamulemekeza, koma ndinawodzera pakati. Yanga ilibe mawu ataliatali. Ndi nkhani ya agogo anu aamuna, a Mbewe, ndi mmene chisankho cha azungu chinatsalira pang'ono kundilanda mwamuna ali moyo.

Inu simunawadziwe. Iwe Tamanda anakunyamulako usanamere mano, iwe Mphatso unali usanaganiziridwe n'komwe. Pachithunzi chili pamakwerero paja mumangoona nkhalamba yovala chipewa chaubweya. Koma kwathu ku Ntchisi ameneyo anali hedimasitala wa sukulu ya pulaimale, ndipo akamadutsa pamsewu anthu ankatsika panjinga kuti awapatse moni. Tayi ankamanga ngakhale Loweruka. M'thumba la malaya simunkasowa cholembera chofiira, moti malaya awo onse anali ndi kadontho kofiira pamtima, kamene ndinalimbana nako ndi sopo mpaka kugonja. Dzina lawo loyamba panalibe wolitchula. Ana ankati Ahedi, makolo Ahedi, abusa Ahedi, ine a Mbewe. Iwo ankandiitana Nabanda. Ndipo kufunsa sankakudziwa. Tinasocherapo mu Limbe tsiku lathunthu, katundu ali pamutu panga, chifukwa mphunzitsi wamkulu sangafunse njira kwa wogulitsa nthochi.

Chimene ankachikonda kuposa ine, ndinene zoona, chinali nyuzipepala. Inu nkhani zimakupezani m'thumba, ngakhale muli kubafa. Ife nyuzi inkabwera pabasi, itagona panjira, nkhani zitazizira kale. Ankayamba kuwerenga ndi iwo, kenako aphunzitsi ena motsatana ukulu, kenako mlembi wa kukhoti, ndipo ikamafika kumsika inali yokulungira zitumbuwa. Tsamba lina linkakutira makope a ana, lina madala ankapichiramo fodya. Masiku amenewo kwathu kunali chipani chimodzi ndi wailesi imodzi, ndipo nyuzi ndi wailesiyo zinkaimba nyimbo imodzimodzi yotamanda. Ndiye agogo anu anali ndi kawailesi kawo ka mabatire, waya atamangirira kumtengo wa bulugamu. Mabatire akafooka tinkawayanika padenga kuti adye dzuwa. Usaseke, Mphatso, ankadzukadi. Agogo anuwo ankatseka chitseko n'kutchera nkhani zochokera ku Mangalande motsitsa kwambiri, khutu atagunditsa pakawailesipo. Akamaliza ankatembenuka n'kunena kuti, "Nabanda, mzungu akalemba chinthu ndiye kuti chachitika." Ankakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse, ndipo m'masiku amenewo sindinkawatsutsa.

Ine ndinali nesi. Inafika nthawi imene zipatala za ku Mangalande zinkasowa anamwino n'kumatikoka ife. Amayi anu anali atabwera kale kuno ku Amereka kusukulu, m'nyumba munali zii, ndiye ndinapita. A Mbewe atapuma pantchito ananditsatira. Tinkakhala m'tauni ina ya kumpoto, ya nyumba zanjerwa zogundizana, kumene mafakitale anatsekedwa kalekale, machumuni okha ali njo. Kuzizira kwake si kwa kuno, kumene mumangopotokola kabatani pakhoma n'kumayenda osavala nsapato. Kumeneko n'kwa chinyontho, kolowa m'mafupa. Nyemba amazithira shuga n'kudyera buledi m'mamawa, ndipo zimenezo agogo anu anazikana mpaka tsiku lomaliza.

Mapepala awo a uphunzitsi kumeneko anati sakuwadziwa. Ntchito imene inapezeka inali yosonkhanitsa matrole pasitolo yaikulu, aja mumakankha inu pogula zinthu n'kuwasiya paliponse ngati kuli wantchito wanu. Bwana wawo anali wamng'ono kwa amayi anu, ndipo ankawaitana kuti "Wilisoni!" pakati pa anthu. Dzina limenelo womaliza kulitchula anali mayi awo owabereka. Sikuti bwanayo anali wamwano ayi, kumeneko ndi mmene amachitira. Koma agogo anu ankabwera kunyumba atafupika. Tayi anasiya. Ankakhala pawindo n'kumayang'ana khoma la aneba. Ine ndagwira ntchito ndi odwala moyo wanga wonse, ndimadziwa munthu akayamba kuchoka thupi lili pompo. Ndinachita mantha, ana inu.

Chimene chinawapulumutsa ndi laibulale ya m'tauni mwathumo. Analowamo pothawa mvula, n'kupeza nyuzi zonse za tsikulo zili ndandanda, zaulere, zosagona panjira. Woyang'anira anali Mayi Dorothy, mzungu wa imvi, magalasi akulendewera pachifuwa. Tsiku lina mayiwa anawaona ataweramira mwana wina amene samu zogawa zinamukanika, akumulongosolera ndi zala. Anawafunsa ngati anali mphunzitsi. Atamva, anawapatsa tebulo la pawindo kuti ana akaweruka aziwathandiza ntchito ya kusukulu. Malipiro panalibe. Koma Mayi Dorothy ankawaitana "Misitala Mbewe", ngakhale lilime linkawakola pa "mb" paja, ndipo anauza ana onse kuti aziteronso. Kunkabwera ana a ku Zambia, a ku Zimbabwe, a ku Poland, ndi a eni dziko omwe. Tayi inabwerera pakhosi. Kadontho kofiira kanabwerera pamalaya, ndipo ulendo uno sindinadandaule.

Kenako mabanki akuluakulu anagwa. Zimenezo mukafunse bambo anu, koma mukhale mutadya kaye. Ine chimene ndinaona n'chakuti boma linathamanga kukawadzutsa mabankiwo, ndipo litatero andale anatembenuka n'kunena kuti m'thumba mwatha, tonse tidye mochepa. Chisankho chinali pafupi. Kudera kwathuko kunaima bambo wina wofuna uphungu, wa tsitsi lopesa bwino, amene pakamwa pake panali mawu amodzi: kudula. Tidule apa, tidule apo. Ankati dziko lili ngati banja, ndipo banja likagwa m'ngongole limasiya zosafunikira. Agogo anu anati, "Chabwino, koma banja lanzeru limayamba n'kuletsa bambo mowa. Ili liyamba n'kugulitsa mabuku a ana." Anakawauza Mayi Dorothy nkhawa yawoyo. Mayiwo anaseka, ati laibulale imeneyi yakhalapo chiyambire nthawi ya agogo awo, palibe angaikhudze.

Panali nyuzi ina yotchuka, ya zilembo zikuluzikulu zakuda zoti ukhoza kuwerenga uli tsidya lina la msewu. Imeneyo inali kumbali ya bambo wodula uja. Tsiku lililonse inkapeza amene akudya chuma cha dziko. Lero ndi aulesi osafuna ntchito, mawa ndi amayi obereka ana ambiri, mkuja ndi alendo. Za mabanki inali itaiwala. Tsiku lina agogo anu anabwera nayo kunyumba n'kuiyala patebulo. Inalemba kuti alendo ochokera kunja adzaza zipatala, akumaliza mankhwala a eni dziko. Ine ndinali nditangovula nsapato, mapazi atatupa ndi kutembenuza eni dziko omwewo pabedi tsiku lonse. Ndinati, "Tadzazadi zipatala, si ndife tikugwiramo ntchito?" Koma iwo sanaseke. Anawerenganso, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Kenako anati, "Nabanda, nyuzi iyi ikunama." Ananena ndi mawu aja amene munthu amalengezera maliro. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa chinthu chimene anachikhulupirira kuyambira ku Ntchisi chinawathera patebulo pomwepo.

Mayi Dorothy omwewo ndi amene anawauza kuti ifenso tikhoza kuvota. Poti dziko lathu linalamulidwapo ndi iwo, ndipo tili m'banja lija la maiko amene anali pansi pawo, Mmalawi wokhala kumeneko mwalamulo amaponya voti ngati mwini dziko. Kuno ku Amereka ndakhala zaka zonsezi, kuphika ndi kulera inu, koma voti ndilibe. Kumeneko ndinali nayo. Agogo anu atamva anaimirira mapemphero atatha, pamene tinkamwa tiyi ife Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, n'kugogoda kapu ndi supuni. Analalikira za voti kuposa mmene abusa analalikirira m'mawawo. Analembetsa aliyense, ngakhale amayi ena a ku Chipata amene ankati, "Ise va ndale sitifuna, ba Mbewe."

Kampeni ya kumeneko ikanakugwetsani ulesi. Kwathu chisankho chimamveka ndi makutu: malole, ng'oma, amayi atavala zitenje za nkhope ya munthu wawo, nkhopeyo ikugwedezeka kumbuyo akamavina. Ku Mangalande amangokuponyera timapepala pakabowo ka pachitseko. Nthawi zina amagogoda okha, atabaya duwa lansalu pachifuwa. Bambo wodula uja anagogodadi kwathu. Agogo anu anamuimika pakhomo n'kumufunsa za laibulale. Iye anamwetulira, anati pali zinthu zowawa zimene dziko liyenera kumeza, anayamikira Chingerezi chawo, n'kupita khomo lina. A Mbewe anatseka chitseko pang'onopang'ono.

"Wayankha funso limene sindinamufunse," anatero. "Ameneyu ndikamuthetha."

Mwayamba kuyang'anizana, kuthetha simukukudziwa. Inu kusukulu kwanu mukalakwa amakujambulirani kankhope komwetulira n'kukuuzani kuti mwayesetsa. Kwathu zizindikiro zinali ziwiri basi. Ukakhoza, mphunzitsi amachonga. Ukalakwa amathetha, ndiye kuti amalemba kamtanda kopingasa kaja mumati ekisi, kofiira, nthawi zina mpaka pepala kubooka. Mwana akabwera kunyumba akulira kuti andithetha, palibe amafunsa tanthauzo. Ngakhale pachisankho kwathu, munthu amene ukumufuna umamuchonga. Agogo anu anathetha ana a anthu moyo wawo wonse, dzanja linali lozolowera. Ine mawu aja ndinangowatenga ngati kulankhula kwa munthu wokwiya, sindinaganize zambiri.

Tsiku lovota linali Lachinayi, tsiku wamba, anthu akupita kuntchito. Agogo anu anavala suti ya paukwati wa amayi anu, nsapato zikuwala. Tinakavotera mu holo ya tchalitchi china. Kunalibe mzere, kunalibe msilikali, kunalibe inki yoviika chala. Agalu okha ndi amene ankadikirira eni ake panja. Mayi wa patebulo anatipatsa mapepala n'kunena kuti, "Ekisi imodzi yokha." Agogo anu anagwedeza mutu mokhutira. "Imodzi ikwana," anatero. Pamwamba pa pepalalo panalembedwa bwinobwino zoyenera kuchita, koma munthu amene ankalemba yekha malangizo a mayeso zaka zonse zija sakanawerenga malangizo a wina. M'kachipinda kovotera munali pensulo yomangirira chingwe, ndipo potuluka anadandaula kuti dziko lolemera chotere likulephera kugula cholembera chofiira.

Titafika pasiteji ya basi anapuma mpweya wautali, chifuwa chili patsogolo.

"Nabanda, ndamuthetha. Ndinachita kudinikiza mpaka pensulo kuthyoka nsonga."

"Mwathetha ndani?"

"Wodula uja. Ndaninso?"

"Nanga amene mumamufuna mwamutani?"

"Enawo sindikuwadziwa bwino. Ine sindinapite kukachonga munthu, ndinapita kukathetha mmodzi."

Ana inu, ine kavotedwe ka kumeneko anzanga a kuchipatala anali atandiuza, ndipo ndinkayesa kuti aliyense akudziwa, makamaka munthu amene analembetsa mpingo wonse. Bodza sindilitha, kuzungulira sindikudziwa.

"A Mbewe, kuno ekisi ndiye kusankha. Amene mwamuika ekisi ndi amene mwamuvotera."

Anaseka kaye, ati ndasokoneza. Kenako anaona nkhope yanga. Basi inafika, inatsegula chitseko, inatidikira, inapita. Iwo anatembenuka n'kubwerera kuholo kuja, ine pambuyo ndikuthamanga ndi chikwama. Anavula chipewa pamaso pa mayi wa patebulo uja n'kupempha mwaulemu wonse kuti awabwezere pepala lawo akonze, alakwitsa pang'ono. Mayiyo anali wachifundo, koma anawaonetsa bokosi lomata, kuti chalowa umo sichituluka. Agogo anu anati pepala lawo alizindikira msanga, lili ndi ekisi yodinikiza kwambiri. Sekani, sekani, inenso ndimaseka tsopano. Tsiku limenelo sindinaseke.

M'mawa mwake tinamva kuti wodula uja wapambana, ndipo wapambana ndi mavoti ochepa. Nyuzi ija inatuluka ndi zilembo zazikulu kuposa kale, ikudzitama ngati yavota ndi iyo. Miyezi itapita, pachitseko cha laibulale anamatapo chidziwitso chakuti itsekedwa. Inapitira limodzi ndi basi ya kumidzi yapafupi, ndi malo amene nkhalamba zinkakamwera tiyi masana. Kuchipatala kwathu nesi akachoka sankalembanso wina, otsalafe tinkangogawana odwala ake.

Ndinawauza agogo anu kuti voti imodzi sitseka laibulale. Anandiyankha kuti samu ikalakwika nambala imodzi yalakwika yonse, ndipo sanafunenso kumva. Anasiya kupita kwa ana aja laibulale isanatsekedwe n'komwe, ati sangayang'ane Mayi Dorothy m'maso. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, tiyi osamwa nawo. Nyuzi osaigwira. Anabwerera pawindo paja, ndipo ulendo uno zinaposa poyamba, chifukwa poyamba ankakwiyira dziko la eni, tsopano ankakwiyira dzanja lawo lomwe. Chakudya ankangochitokosa. Ndinawakalipira, ndinawanyengerera, ndinaitana abusa, abusa anamwa tiyi n'kubwerera. Amayi anu akaimba foni kuchokera kuno, iwo ankati muuze ndagona. Popita kuntchito ndinkawasiya pawindo, pobwera n'kuwapeza pomwepo, ndipo m'basi monse ndinkapemphera kuti ndikawapeze akupuma.

Loweruka lina masana kunagogoda munthu. Anali Mayi Dorothy, atanyamula katoni ya mabuku a samu ndi owerenga a ana. Laibulale inali itatsekedwa dzulo lake, mabuku akugawidwa, ndipo anati awa ndi a Misitala Mbewe. Ndinawalowetsa. Agogo anu anaimirira, pakuti ulemu wokha sunawachoke, koma katoniyo anakana kuilandira. Anati sakuyenera. Ndipo ali chiimire, manja kumbuyo ngati mwana woitanidwa kuofesi, anafotokoza zonse, za kuchonga, za kuthetha, za pensulo yothyoka. Anamaliza ndi kuti, "Mayi, laibulale yanu ndatseka ndine."

Ndinkayembekezera kuti mzunguyo aseka. Koma anakhala pansi osauzidwa, anavula magalasi, n'kuyamba kulira. Ndinathamangira ketulo, poti azungu a kumeneko chilichonse amachiza ndi tiyi.

"Misitala Mbewe," anatero, "inenso ndinavotera yemweyo. Koma ine ekisi ndimaidziwa."

Anafotokoza kuti nyuzi ija ankaiwerenga m'mawa uliwonse chiyambire utsikana wawo, bambo awo ankagula yomweyo. Inawauza kuti dziko likumira, ndipo anachita mantha ndi ukalamba wawo. Inawauza kuti kudulako kugwera aulesi ndi achinyengo, ndipo anakhulupirira kuti anthu amenewo ndi ena, akutali, osati iwo, osati ana a patebulo la pawindo. Za alendo odzaza zipatala anawerenganso, ndipo anati powerengapo sanaganizeko za ine ngakhale pang'ono, chikhalirecho ndine ndinasamalira mchemwali wawo atathyoka chiuno. Apo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana makapu.

Ndinkaopa kuti agogo anu akalipa. Kenako ndinaona msana ukuwongoka, mmene unkachitira kale mwana wolephera akabwera ndi kholo lake. Anatulutsa mpango wawo woyera n'kuwapatsa mayiwo.

"Mayi, pukutani misozi. Inu malangizo munawerenga, koma funso simunalimve. Ine funso ndinalimva, koma malangizo sindinawerenge. Tonse talephera." Anatsokomola pang'ono. "Kwathu mwana akalephera sitimuthamangitsa. Amabwereza kalasi. Chisankho chikadzabweranso, inu ndi ine tidzabwereza."

Mayi Dorothy anaseka misozi ili m'masaya, n'kufunsa ngati kalasiyo imalandira nkhalamba. Anagwirana chanza pa zimenezo. Mlendo atapita, a Mbewe anatsegula katoni ija n'kuyamba kusanja mabuku motsatana makalasi, kenako anafuula kuti, "Nabanda, kodi m'nyumba muno anthu sadya?" Ndinalowa kukhitchini, ndinatseka chitseko, ndinalira kaye, kenako ndinaphika.

Posakhalitsa ana aja anayamba kubwera kwathu. Pabalaza pathu panali pang'ono kuposa chipinda chako, Tamanda, chimene umati n'chopanikiza, koma ankakwanamo, ena pamakwerero. Nyuzi yonama ija anayambiranso kugula, ine n'kudabwa. Ana akamaliza samu ankaiyala patebulo n'kumawafunsa kuti walemba ndani, akufuna uope chiyani, ndipo wasiya kutchula ndani. Mayi Dorothy ankabwera ndi mabisiketi n'kukhala kumbuyo, nawonso kumakweza dzanja. Bodza likapezeka, agogo anu ankapatsa mwana cholembera chofiira kuti athethe yekha. Ana a azungu anaphunzirapo mawu amodzi a Chichewa, ndipo ankawakuwa mumsewu akakangana pampira.

Koma zaka za kumeneko zinatha. Mawondo anga anakana ntchito, amayi anu anali oyembekezera iwe Tamanda, ndipo anatiitanitsa. Agogo anu anakana poyamba, ati ali ndi kalasi yoti abwereze. Ndinawauza kuti mdzukulu sadikira chisankho. Tinabwera. Masiku amenewo tinkakhala ku Germantown, musanagule nyumba ino. Ankakuyendetsa m'kangolo kako madzulo dzuwa likapepa, akukuwerengera zikwangwani zonse za mumsewu, iwe uli m'tulo. Nyengo yozizira yoyamba yomweyo chifuwa chinawagwira, ndipo sichinawasiye. Thupi tinaliperekeza kumudzi, agona ku Ntchisi kufupi ndi sukulu yawo. Uthenga wa maliro sunawafike Mayi Dorothy, pakuti ana aja anali atabalalika ndipo ine mutu sunkagwira.

Nditabwerako kumudzi, mitengo ya kuno itayamba maluwa, foni ya m'nyumba inalira masana ena. Ndinali ndikukudyetsa phala iwe Tamanda. Mawu a Mayi Dorothy ndinawazindikira pa "mb" paja. Kunali chisankho ku Mangalande tsiku limenelo, ine osadziwa. Mayiwo ankapuma mwabefu. Anati angotuluka kumene mu holo muja, ulendo uno anawerenga nyuzi za mbali zonse, anafunsa mafunso onse aja, ndipo amene amusankha sanditchulira poti n'chinsinsi.

"Auzeni Misitala Mbewe kuti ndabwereza kalasi," anatero. "Muwafunse ngati ndakhoza."

Mayiwo anali osangalala kwambiri, ndipo tsiku limenelo linali lawo. Za maliro ndinawauza pafoni ina. Pamenepo ndinangoti, "Ndiwauza, mayi."

Uthenga umenewu ndakhala nawo zaka zonsezi, wopanda koupereka, ndipo umandilemera. Koma kwathu mdzukulu wamwamuna ndiye mwamuna wa agogo ake. Usachite manyazi, Mphatso, ndi mwambo, sindikukulanda kanthu. Khala bwino pampandopo, uwongole msana. Eya, choncho.

A Mbewe, Mayi Dorothy akuti abwereza kalasi. Akufunsa ngati akhoza.